Chaka Chimene a Percy Tranmer Anapambana Kachitatu

Mpikisano wa tenesi wa ku Thornsea unatha m'chaka cha 1967. Masiku ano ena amati unatha chifukwa cha mvula, ena amati achinyamata anasiya kubwera. Limenelo ndi bodza la anthu amene kunalibe. Mvula inkagwa chaka ndi chaka kuyambira nthawi ya agogo anga, ndipo palibe anafa nayo. Mpikisanowo unaphedwa ndi alamu anga a Percy Tranmer, wogawa makalata, munthu amene ankaukonda kuposa wina aliyense m'tauni muno. Ine ndinalipo. Ndinali msodzi, koma sabata ya mpikisano ndinkasiya bwato n'kukagwira ntchito yosoka ndi kumanga maukonde a pabwalo, popeza ukonde ndi ukonde basi, kaya ukukola nsomba kaya mpira.

A Percy anabadwira m'kanyumba ka kuseri kwa bwalolo. Bambo awo ankayendetsa ngolo ya malasha. Masiku amenewo tenesi anali masewero a madokotala, maloya ndi ana aakazi a abusa, ndipo anthu ngati ife tinkaonera pampanda. Nkhondo itatha mamembala a kalabu anali atachepa, choncho a komiti anaona kuti kulola wogawa makalata kulowa n'kwabwinoko kusiyana ndi kusiya kapinga akumera pachabe. A Percy analowa ndi chomenyera chakale chimene akazi a dokotala anataya, ndi thalauza yoyera imene mlongo wanga Edna anasoka ndi nsalu ya pabedi. Chaka chomwecho anamukwatira Ednayo. Ndinawachenjeza onse awiri, koma panalibe wondimvera.

Ndinene zoona: alamu angawo sankadziwa kusewera tenesi. Ankadziwa chinthu chimodzi chokha, kubweza. Mnzawo akamenya mpira ndi mphamvu zake zonse, iwo ankathamanga ndi miyendo yawo yolimba ndi njinga ija, n'kuika chomenyera pansi pa mpirawo ngati akunyamula dzira, n'kuukankhira kumwamba. Mpira unkakwera, kukwera, mpaka mbalame za kunyanja n'kumaupatukira, kenako unkatsika mwakachetechete n'kugwera mkati mwa mzere. Mnzawoyo ankamenyanso. Iwo n'kubwezanso. Oonera ankanyamuka kukamwa tiyi, kudya masikono, kukambirana za nyengo, pobwerera n'kupeza mpira udakali womwe uja. Pamapeto mnzawoyo ankapsa mtima n'kumenya mwaukali, mpira n'kukagwera m'munda wa kabichi kuseri kwa mpanda. Kalaliki wina wa ku banki, wochokera ku Hull, anafika pokhala pansi pa kapinga n'kufuula kuti, "Bambo inu, tamenyani mpira ngati mwamuna!" A Percy anayankha kuti, "Pepani, ndiyesa," n'kuukwezanso kumwamba. Anthu anawapatsa dzina loti Khoma.

Zaka zambiri ankafika pafupi n'kugwa, chifukwa pankabwera akatswiri ochokera ku Leeds ndi ku York amene anali ndi mtima wodikira. Koma akatswiriwo anakalamba, ana awo anali a phuma, ndipo mu 1965 a Percy anatenga chikho, tsitsi litayamba kale imvi. Mu 1966 anachitenganso.

Chikhocho chinali cha siliva, chachikulu ngati ndowa ya mkaka, cha makutu awiri. Wopambana ankapita nacho kwake n'kuchibweza chaka chotsatira. Edna ankadana nacho, chifukwa wochipukuta Loweruka lililonse anali iye. "Kodi ine ndinakwatiwa ndi munthu kapena ndowa?" ankatero. Amene anapereka chikhochi ku kalabu ndi mayi wina wolemera, malemu gogo Wrangham, pamodzi ndi munda umene panali mabwalo asanu a kapinga. Lamulo la chikho aliyense ankalidziwa: wopambana katatu motsatizana watenga chikho mpaka kalekale. Koma gogoyo anaonjezera mawu ena pamaso pa komiti ndi pamaso pa ana ake. Anati mundawo ndi wa kalabu malinga ngati chikho chake chikulimbiranidwa, ndipo tsiku limene chikho chidzapite kotheratu, munda udzabwerera ku banja. Pa nthawi imene ndikunenayi banjalo anali mdzukulu wake Gerald, mnyamata wonenepa amene ankayang'ana kapinga wathu n'kumaona tinyumba tokoka ndi galimoto ta alendo obwera kunyanja.

Tsono panali mwambo umene sunkanenedwa pakamwa. Bwana aliyense amene wapambana kawiri ankadziwa yekha chochita. Chaka chachitatu bondo linkamupweteka, kapena azakhali ake a kutali ankadwala, ndipo sankabwera. Chaka chachinayi ankabweranso ali gwa, ndipo palibe ankafunsa za azakhaliwo. Umu ndi mmene mpikisano unakhalira moyo kuyambira nthawi ya gogo uja. Mabwana ankaphunzira mwambowu kusukulu zawo zogonera komweko, kapena ankayamwira m'bere, kaya. Mwana wa woyendetsa ngolo ya malasha sanauphunzire kulikonse. Za munda sankadziwa, za bondo sankadziwa. Mwezi wa Febuluwale a Percy anali oyamba kulembetsa dzina.

Munthu wanzeru akanangopita kunyumba kwawo n'kunena kuti, "A Tranmer, chaka chino musasewere, chifukwa chake ndi ichi." Mawu ochepa, tiyi asanazizire n'komwe. Koma anthu a kwathu kuno akhoza kulola nyumba kupsa kusiyana ndi kuuza mwini wake kuti malaya ake agwira moto. Wapampando wa komiti anali Dokotala Ellerby, munthu wamtali wosuta kaliwo. Iwo anayamba kudikirira makalata awo pageti.

"A Tranmer, bondo lija lili bwanji?"

"Bondo liti, adokotala?"

"Lililonse. Pa msinkhu wathuwu mabondo savuta kuyamba. Munthu akapumulako chaka chimodzi palibe angamunene."

"Zikomo kwambiri, adokotala, koma onse awiri ali bwino. Taonani." Ndipo ankadumphadumpha pamsewu ndi chikwama cha makalata kumsana, kuti adokotala mtima ukhale pansi.

Izi zinachitika mobwerezabwereza mpaka chilimwe. Abusa, amenenso anali m'komiti, analalikira masabata angapo za ubwino wosiyirako anzako, maso ali pa benchi ya a Percy. Alamu anga uthengawo unawalowa mumtima kwambiri, moti anapereka jekete lawo la ku nkhondo kwa osauka. Bwana wawo wa kuntchito anawachotsa m'misewu ya m'tauni n'kuwapatsa njira ya kumapiri, yokwera ku mafamu, kuti pofika mpikisano akhale atatheratu. Miyendo ija inangosanduka mitengo ya mlombwa.

Kenako amayi a m'komiti ya tiyi anaganiza zowanenepetsa. Khomo lililonse limene agogoda, keke. Khomo lina, chitumbuwa cha nyama ya nkhumba. Akazi a dokotala anafika powatumizira mbale ya masitiroberi ndi kirimu kunyumba. A Percy ankadya zonse mwaulemu, n'kukazisungunula pokwera mapiri aja. Amene anavutika ndi Edna. Tsiku lina anabwera kwathu nkhope ili gwa.

"Achimwene, tandiuzeni. Amayi a m'tauni muno aona chiyani mwa mwamuna wanga? Ine ndakhala naye zaka zonsezi, ndafufuza, sindinachipeze."

Ndinamuuza kuti palibe mkazi wamaso angasirire a Percy, apite akagone mtima uli m'malo. Ine za munda ndinkazidziwa, monga aliyense wogwira ntchito pabwalo paja, ndipo ndinkayesa kuti alamu anganso akuzidziwa koma angouma mutu. Tauni yonse inkayesa choncho. Aliyense ankati mnzake anawauza kale.

Ataona kuti zonse zakanika, adokotala anaitanitsa mphwake wa akazi awo kuchokera ku London, mnyamata wotchedwa Rupert Fanshawe. Anabwera pa galimoto yofiira yopanda denga, tsitsi lofika m'khosi, zomenyera zinayi kukhwapa. Sabata yonse adokotala ankamuponyera mipira kumwamba kuseri kwa nyumba yawo, iye n'kumaiphwanyira pansi. Anamuuza kuti, "Munthuyu amangokweza. Iwe thamangira pa ukonde, yang'ana kumwamba, ukatsika uphwanye." Mnyamatayo ankasewera bwino, zimenezo sindingakane. Anadutsa onse ngati mpeni m'batala. A Percy nawonso anatopetsa awo mmodzimmodzi, ndipo awiriwa anakumana pa masewero omaliza, Loweruka.

M'mawa wa tsikulo ndinali pabwalo lalikulu ndikumanga ukonde. A Percy anatulukira ndi njinga yawo, nkhope ikuwala ngati mbuzi yosadziwa kuti amalonda ali pafupi.

"Alamu, ukondewo muukoke ulimbe lero. Sindifuna kukhumudwitsa anthu."

"Anthu ake ati?"

"Tauni yonse. Simukuona mmene akundikondera? Adokotala tsiku ndi tsiku kufunsa za thanzi langa. Amayi kundidyetsa kuti ndikhale ndi mphamvu. Abwana kundipatsa mapiri kuti ndilimbe. Mpaka kundiitanira katswiri wa ku London kuti chikhochi ndisachitenge mwaulere. Ine mwana wa woyendetsa ngolo! Ndikapanda kupambana ndidzawayang'ana bwanji?"

Ndinasiya chingwe. "Alamu, kodi m'mutu mwanumo muli makalata okhaokha? Mukapambana lero chikho chipita kwanu osabweranso. Chikho chikapita, munda ubwerera kwa Gerald Wrangham. Chaka chamawa pamene mwaimapo padzakhala zimbudzi za alendo."

Anaseka. Ataona kuti ine sindikuseka, anasiya.

"Zikanakhala choncho adokotala akanandiuza."

"Akhala akukuuzani kuyambira Febuluwale. Ndi bondo."

Anakhala pansi pa chigudumu chotsenderera kapinga. Anayang'ana mabwalo onse asanu, mizere ya laimu itangojambulidwa kumene, tenti ya tiyi, mpanda umene ankasuzumirapo ali mwana. Patapita nthawi anafunsa ndi mawu aang'ono kuti, "Nanga keke uja?"

"Ankafuna munenepe."

"Ndi masitiroberi omwe?"

"Ndi masitiroberi omwe."

Nthawi yomweyo Edna anafika ndi thalauza yoyera atasita. Ndinamufotokozera. Choyamba anapumira m'mwamba pomva kuti akazi a dokotala sakufuna mwamuna wake. Chachiwiri anazindikira kuti ndowa ija ikubwera kudzakhaliratu m'nyumba mwake, ndipo anakwiya koposa poyamba.

Ine ndinati, "Nkhaniyi ndi yaifupi. Pitani kwa adokotala mukanene poyera kuti simusewera chifukwa simufuna bwalo lithe."

A Percy anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avule pamsika. "Ndinene ndi pakamwa? Mlendo akumva? Ndiye kuti ndikumuuza mnyamata uja kuti ndikanasewera ndikanamugonjetsa. Amenewo ndi matama, alamu. Ine sanandilere choncho."

"Ndiye nenani kuti bondo likupweteka," anatero Edna. "Adokotala akhala akupempha bondo limeneli ngati mwana wopempha switi. Apatseni."

"Limenelo ndi bodza," ndinatero ine.

"Achimwene, inu kasokeni ukonde wanu. Chilungamo chanucho sichinapukutepo siliva."

Anapita nawo kuseri kwa shedi kukawaphunzitsa kutsimphina. Ndinkamva ali, "Ayi, bambo a Joan, mwayamba ndi lamanzere! Sankhani limodzi!" Atakhutira anawakankhira ku tenti ya tiyi, kumene adokotala anaima pakati pa amayi ovala zipewa. Ine ndinatsatira kuti ndione mapeto a bodzalo. A Percy analowa akukoka mwendo bwinobwino ndithu. Adokotala anatembenuka, ndipo mosayembekezera chilichonse, mwa chizolowezi chabe, anafunsa kuti, "A Tranmer, mwadzuka bwanji lero? Bondo?"

"Ndadzuka bwino kwambiri, adokotala, zikomo, kaya inu?"

Mawuwo anatuluka okha. Munthu amene moyo wake wonse sanadandaulepo pagulu, ngakhale tsiku limene galu wa kufamu anamung'amba katumba, sangayambe lero pamaso pa amayi ovala zipewa. Anaima njo, miyendo yonse iwiri yowongoka. Adokotala anati, "Zosangalatsa," ndi mawu a munthu amene wamva uthenga wa maliro. Edna anatuluka m'tentimo.

Nthawi itatsala pang'ono, alamu anga anandipeza pa mtengo wa ukonde. Maso awo anali ofiira koma anali atapeza nzeru.

"Alamu, ndaganiza. Kuluza dala poyera sindingathe, kumeneko n'kumunyoza mlendo. Koma anthu onse amene ndawagonjetsa zaka zonsezi analuza ndi chinthu chimodzi: kumenya mwamphamvu. Ukamenya mwamphamvu mpira umatuluka. Ndaziona ndi maso anga kambirimbiri. Lero ndimenya mwamphamvu. Anthu adzati nkhalamba inayesetsa koma zinakanika."

Ndinaona kuti mfundoyo ndi yomveka. Mpaka lero sindinapeze polakwika pake.

Anthu anadzaza. Adokotala anakwera pa mpando wautali wa woyimbira. Oyang'anira mizere anakhala m'malo awo, abusa ali kumzere wa kumbuyo, mbali ya kunyanja. Gerald Wrangham anakhala kutsogolo penipeni ndi mbale ya masitiroberi pamiyendo.

Fanshawe anaponya mpira woyamba n'kuthamangira pa ukonde, nkhope kumwamba monga anamuphunzitsira. A Percy anatsinzina, n'kukoka mkono kuchokera kumsana, mkono wonyamula matumba a makalata uja, n'kumenya kulunjika ku munda wa kabichi. Kunamveka phaa! Mpira unadutsa pafupi ndi khutu la mnyamatayo n'kukatera pa mzere penipeni, laimu n'kufuka. Fanshawe anali akuyang'anabe mitambo.

"Pepani!" anafuula a Percy.

"Mwamenya bwino, bambo!" anayankha mnyamatayo, popeza analeredwa bwino.

Wachiwiri chimodzimodzi, mbali inayo. Wachitatu unadutsa pakati pa miyendo yake. Mutu wa a Percy unkafuna kabichi, koma manja amene kwa zaka makumi awiri sanatulutsepo mpira kunja kwa mzere sankadziwa njira ya kumeneko. Akaonjezera mphamvu, mpira unkangofika msanga pamalo omwewo. Anthu ankawomba m'manja pang'onopang'ono ngati akuphera udzudzu m'tchalitchi. Wowomba ndi mtima wonse anali Gerald yekha. Adokotala ankalengeza zigoli mawu akutsikiratsikira, kaliwo atazima kalekale.

Posinthana mbali, a Percy anadutsa pafupi nane akupukuta thukuta.

"Alamu, ukukana kutuluka."

"Menyerani mu ukonde."

Anayesa. Mpira unagunda chingwe cha pamwamba pa ukonde, chimene ndinachikoka kolimba monga anandipempha eni ake m'mawa, unadumpha, unaima kaye ngati ukuganiza, n'kugwera mbali ya Fanshawe. "Pepani kwambiri!" anatero a Percy, pafupifupi kulira.

Edna anali ataima kumpanda. "Bambo a Joan! Bondo! Kumbukirani bondo!" Mayi wina wachilendo amene anali pambali pake anamugwira dzanja n'kunena kuti n'zosowa masiku ano kuona mkazi wodera nkhawa mwamuna wake chotere.

Pakati pa masewero mnyamata uja anadzidzimuka, anasiya kuyang'ana kumwamba, ndipo anatenga chigawo chimodzi. Bwalo lonse linapuma. Ndinaona akazi a dokotala akufinya dzanja la akazi a abusa. A Percy anamwetulira koyamba tsiku limenelo, ndipo mtima utakhala pansi, mkono unamasuka, n'kuyamba kumenya bwino koposa. Fanshawe anasokonezeka. Anasintha chomenyera, anasinthanso china. Ankayang'ana kwa amalume ake pa mpando wautali ngati akufunsa kuti nkhalamba yokweza mipira ija ibwera nthawi yanji. Pomaliza, posowa chochita, anabwerera kumbuyo n'kuyamba iyeyo kukweza mipira kumwamba.

Apa m'pamene zinaipiratu. Moyo wawo wonse a Percy sanaphwanyepo mpira wochokera kumwamba, chifukwa panalibe anawakwezerapo. Anauona ukutsika ndipo anaganiza kuti uwu ndiye mwayi, chinthu chimene sanachichitepo sangachikhoze. Analumpha n'kuuphwanya ngati akuwaza nkhuni. Unagunda kapinga n'kudumpha mpanda. Wotsatira unakalowa m'tenti ya tiyi utatera kaye mkati mwa mzere. Anthu ena anayamba kuyang'ana kunyanja kuti mwina kubwera mvula. Kunali kuli mbee, dzuwa lokhalokha, Loweruka lokhalo lopanda mvula chilimwe chonsecho.

Unafika mpira womaliza. Bwalo linali zii, mafunde akumveka kuseri kwa nyumba. Fanshawe anaponya. A Percy anagwira chomenyera ndi manja awiri, anatembenuza nkhope kumbali kuti asaone n'komwe, n'kumenya ndi mphamvu zonse zimene keke wa tauni yonse anawapatsa. Ulendo uno mpira unapitadi kutali. Ndinaona ukuuluka kulunjika kumzere wa kumbuyo, kumene kunali abusa, ndipo ndinati watuluka. Unatera. Fanshawe sanasunthe.

Maso onse anapita kwa abusa. Akanangonena liwu limodzi loti kunja, masewero akanapitirira, ndipo palibe munthu pabwalopo akanatsutsa, kupatula Gerald. Abusa anatsegula pakamwa. Anayang'ana adokotala. Anayang'ana kumwamba. Kenako anayang'ana pansi, ndipo ife tonse tinayang'ana nawo. Nsapato zawo zakuda zinali zitayera ndi fumbi la laimu. Anatseka pakamwa, n'kutambasula manja pansi kusonyeza kuti mpira wagwera mkati. Ndinali ndisanawalemekezepo abusa amenewo, maulaliki awo anali ozungulira ngati njira ya nkhanu, koma tsiku limenelo ndinawavulira chipewa.

Popereka chikho adokotala analankhula mawu okoma. Anati tauni ya Thornsea ikunyadira mwana wake. A Percy analandira ndowayo, ndipo nthawi yomweyo anaibweza.

"Adokotala, chonde, chikhale konkuno. Kwathu kulibe pochiika. Funsani mayi a kunyumba."

"Kulibe!" anavomera Edna ali kumpanda.

"Sizingatheke, a Tranmer," anatero adokotala. "Mwachipambana mwachilungamo pamaso pa anthu. Tikachilandira ndiye kuti tikunena kuti sitinafune kuti mupambane."

Aliyense anayang'ana nsapato zake. Ngakhale pamenepo, chinthu chitafa kale, panalibe wofuna kutchula dzina la matenda. Gerald Wrangham anabwera n'kugwira dzanja la a Percy ndi manja ake onse awiri, omata ndi kirimu, n'kunena kuti sanaonepo tenesi yokoma chotere. Amayi anati tiyi wapsa. Anthu anapita kukamwa tiyi.

Loya wa Gerald anafika mwezi usanathe. A komiti anayesa kunena kuti agula chikho china, koma mawu a gogo uja anali a chikho chake, osati chikho chilichonse. Chilimwe chotsatira kapinga anali atakutidwa ndi miyala, tinyumba ta alendo tili m'mizere. Maukonde ndinawatenga ine, anagwira ntchito m'munda mwanga kutchinga mbalame pa nandolo.

A Percy anabwezeredwa njira yawo ya m'tauni, ndipo tinyumba tija tinali m'njira yomweyo. Anagawa makalata kumeneko mpaka anapuma ntchito. Tenesi sanaseweranso. Bwalo la kapinga lapafupi linali kutali, ndipo mabwalo a simenti ankati amapweteka mabondo, tsopano moona. Palibe munthu m'tauni anawanenapo liwu loipa. Adokotala anapitiriza kuwapatsa moni pageti mpaka imfa yawo, koma za bondo sanafunsenso. Chikho chinakhala pamwamba pa kabati, ndipo popeza Edna analumbira kuti sadzachikhudza, chinada ngati mphika. Joan, mwana wawo, ankasungamo ulusi wolukira.

Titakalamba tonse awiri, tinkakonda kukhala pa khoma la miyala moyang'anana ndi tinyumbato masana dzuwa likatuluka. Za tsiku lija sitinkakamba. Koma chaka chimene anamwalira, tsiku lina tikuonera mayi wina akuyanika zovala pamene panali bwalo lalikulu, a Percy anayamba okha.

"Alamu, ndinapha chinthu chabwino."

"Munapha."

"Sipadutsa tsiku osandiwawa."

"Ziyenera kutero."

Kenako anasendera pafupi, anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina angamve, n'kutsitsa mawu.

"Koma mpira uja wa kwa abusa munauona? Ndi manja awiri, alamu. Osayang'ana n'komwe."

Ndinawauza kuti ndinauona, ndipo unali mpira wabwino, chifukwa zinali zoona.